Buku Lolankhula ndi Manja a Takondwa

Ntchito imeneyi ndinaipeza m'butchala. Ndinali nditakhala miyezi ingapo ku Leicester, ku Mangalande, kwa mwana wanga Esnati, amene anandiitanitsa amayi ake atamwalira. Iye ankagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo ankachoka kusanache. Ine ndinkatsala ndekha m'nyumba ya ku dera la Spinney Hills, imodzi mwa nyumba zogundanagundana zija zimene wa khomo linalo akayetsemula umamva ngati ali kuchipinda kwako. Kuti maganizo asandidye, ndinkayenda. Tsiku lina ndinalowa m'butchala ya Asilamu kukafuna mang'ina. Nditawaona m'galasimo ndinadzilankhulira ndekha kuti, "Koma ndiye kuchepa mang'ina ake."

"Madala, ng'ombe za kuno siziyenda mtunda," anayankha Mmwenye wa ndevu zoyera amene anali kuseri kwa kauntala. "Mapazi angakule bwanji?"

Ndinatsala pang'ono kugwetsa jumbo. Anali a Ismail, obadwira ku Limbe. Anachoka kwathu ali mnyamata, koma Chichewa sichinawachoke pakamwa. Kuyambira tsikulo ndinkapita kukaima pakona m'shopu mwawo, iwo akudula nyama, ine ndikuwakumbutsa misewu ya ku Blantyre imene anaiwala mayina ake.

"Inu madala mwasanduka mpando wa m'shopu muno," anatero tsiku lina. "Chizungu mumatha?"

"Cha mesenjala."

"Chakwana chimenecho. Mpongozi wanga amagwira mu ofesi ya sukulu ya pulayimale kumtundaku. Akuti kwabwera ana a kwathu, ena a ku Zambia, ena a ku Zimbabwe, ndiye aphunzitsi akungoyang'anizana nawo. Akufuna munthu wodziwa chinenero. Pitani mawa. Muvale tayi, koma osati yamaluwa ija, mungaopseze ana."

Ndiyenera kunena za sukulu yanga kuti zimene ndinakachita kumeneko zimveke. Ine sindinalowe m'kalasi ndili mwana. Ndinakulira pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo zilembo ndinazidziwa ndili kale ndi ana, ku sukulu ya kwacha. Aphunzitsi athu ankaima ndi ndodo pa bolodi. Akatchula mawu, ife tonse tibwereze, akatchula, tibwereze, mpaka mawuwo atakhazikika. Manja tinkapinda pachifuwa. Bolodi linali la aphunzitsi, choko chinali cha aphunzitsi, buku linali limodzi ndipo ankaligwira ndi iwo. Chingelezi ndinachitola pambuyo pake ku sukulu ya madzulo, ndikugwira umesenjala mu ofesi ina ku Blantyre, nachonso mwa njira yomweyo. Kwa ine kuphunzira kunali kumeneko. Sindinkadziwa kuti kuli kwina.

Ku sukulu kuja anandilandira bwino, koma anati ndisanayambe, apolisi afufuze kaye mbiri yanga, monga amachitira ndi aliyense wofuna kugwira ntchito ndi ana. Nthawi yonse imene ndinkadikira yankho chakudya sichinkatsika. Esnati ankandiseka. "Adadi, munaba chiyani kuti muziwonda chonchi?" Sindinabe kanthu. Zimene zimandivuta ine apolisi a kuno sangazipeze, ngakhale a kwathu. Yankho linabwera labwino, ndipo ndinayamba ntchito.

Ndinalembedwa ngati wothandizira mphunzitsi. Mphunzitsiyo anali Mayi Hollis, munthu wamtali, wolankhula mofulumira, woyenda ndi makiyi m'khosi. Kalasi yawo inali ya ana a zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Munali ana olankhula Chigujarati, Chisomali, Chipolishi, ndi ochepa a Chinyanja. Zinali zaka zija za pakati pa ma 2000, pamene sukulu za kuno zinkachotsa mabolodi akale n'kupachika oyera amagetsi.

Tsiku loyamba Mayi Hollis anandisonyeza chimene ankachitcha buku lolankhula. Si buku la mapepala. Ndi sidi, kambale konyezimira kaja, kamene umalowetsa mu laputopu. Laputopuyo ili ndi zingwe ziwiri: chokhuthala cha mutu wabuluu chimapita ku pulojekita yopachikidwa kudenga, chopyapyala chimapita ku bolodi. Umayamba kuyatsa pulojekita, uidikire itenthe, kenako laputopu. Ukasemphanitsa, bolodi limangokhala mbuu osaonetsa kanthu. Ukatero umalunzanitsa bolodi ndi laputopu. Pamatuluka timitanda kamodzikamodzi, ndipo umakhudza pakati penipeni pa kamtanda kalikonse ndi cholembera chapulasitiki chopanda inki. Ukachita mothamanga bolodi limasokonezeka: ukhudza apa, ilo limva uko, kapena limachedwa kumva. Zikatha zimenezi buku limatseguka. Pamwamba chithunzi chachikulu, pansi mizere ya mawu, ndipo m'masipika mumatuluka mawu a mzimayi wina akuwerenga nkhaniyo. Liwu lililonse akamalitchula limasanduka lachikasu. Pansi chakumanja pali muvi wobiriwira wotsegulira tsamba lotsatira. Ukakhudza liwu limodzi, mzimayiyo amatchula lokhalo. Ukakhudza chithunzi, chimachita zake: galu amauwa, chitseko chimatseguka, basi imaliza hutala.

Ndinalemba ndondomeko yonseyo m'mutu ngati nyimbo, ndipo sabata isanathe ndinkayatsa zonse popanda kufunsa. Chimene chinandivuta ndi mzimayi wa m'masipika uja. Ndinkadziwa bwinobwino kuti sali m'bolodimo, sindine mwana. Komabe ndinkachita manyazi kumudula mawu. Munthu akuwerenga mwaulemu chonchija, iwe n'kumukhudza kuti abwereze liwu limodzi? Ndinkadikira amalize tsamba lonse, ndipo nthawi zina ndinkapezeka ndagwedeza mutu kumuthokoza.

"Musaliope, Bambo Chisale, silingakulumeni," anatero Mayi Hollis m'Chingelezi chawo chothamanga. "Ana amalidziwa kuposa ine. Muzingowasiya azisewera nalo."

Mawu akuti azisewera ndinawamva, koma ndinawatenga ngati ulemu wa Azungu, uja woti khalani omasuka ngati kwanu pamene sakutanthauza kuti ukatsegule firiji. Ndinali nditamvanso m'chipinda cha aphunzitsi kuti mabolodi amenewa ndi odula kwambiri, ndipo la kalasi ina linali litafa kale. M'kalasi ndinkaona ana akuthamangira kutsogolo, kulimbirana cholembera, kukhudza paliponse, Mayi Hollis akungowayang'ana. Ndinkaganiza kuti mayiwa atopa, ana awapitirira. Ndinalonjeza mumtima kuti ana a kwathu sadzachititsa manyazi chonchi ine ndilipo.

Ana a Chinyanja enawo anazolowera msanga. Wina wa ku Chipata, ku Zambia, patangopita kanthawi ankandiyankha m'Chingelezi ndikamufunsa m'Chichewa. Mwana amene anandipatsa kuti ndizikhala naye kwambiri anali Takondwa. Anakulira ku Kawale kwa azakhali ake, amayi ake ali kuno, ndipo anali atangofika kumene. M'kalasi sankalankhula, sankakweza dzanja, sankawayang'ana Mayi Hollis kumaso. Akapatsidwa pensulo ankalandira ndi manja awiri n'kupinda mawondo pang'ono, anzake n'kumaseka. Kwa ine anali mwana woleredwa bwino. Kwa sukulu anali funso. Mayi Hollis anandiuza kuti tchuthi cha Khirisimasi chikafika zinthu zisanasinthe, adzaitana akatswiri kuti amuyeze ngati ali ndi vuto la kuphunzira.

Amayi a Takondwa tinkapemphera nawo limodzi m'holo ina imene mpingo wathu unkabwereka. Anali a msinkhu wa Esnati, ogwira mashifiti m'nyumba ya okalamba. Atamva za akatswiriwo anandikokera pambali titaweruka mapemphero.

"Agogo, akuti akufuna kumuasesa. Kuasesako ndiye kuti chiyani? Akuti mwana wanga ndi wozerezeka?"

"Sanatero, mayi."

"Nanga akanatero? Anthu a kuno satero. Amamwetulira, kenako mwana amuika m'kalasi ya yekha. Ine ndavutika zaka kuti Takondwa abwere. Koma akangomulemba zimenezo, ndimubukira tikiti abwerere ku Kawale. Kumene kuja ankakhoza. Sindinamubweretse kuno kuti adzasanduke chitsiru."

Ndinawayang'ana ndipo ndinaona kuti sakuopseza. Ndinkadziwanso, kuposa mmene iwo akanaganizira, chimene chimachitika mwana akatumizidwa kutali ndi kholo lake n'kuuzidwa kuti ndi kwa kanthawi chabe. Ine mwini ndinachitapo zimenezo kwa mwana wanga. Ndinawauza kuti andisiyire ine.

Pafupi ndi laibulale panali kachipinda kokhala ndi bolodi lakelake. Masana aliwonse ndinkapita kumeneko ndi Takondwa. Tinatenga buku la galu wina amene anakwera basi yekha kukafuna mbuye wake. Ndinamuimika mwanayo patsogolo pa bolodi, manja kumbuyo. Cholembera ndinagwira ine. Mzimayi uja akawerenga, ndinkadikira amalize, n'kunena kuti, "Bwereza." Poyamba milomo yokha ndiyo inkagwedera. Kenako mawu anayamba kutuluka, aang'ono ngati a kamwana ka mbalame. Ndinkamumasulira m'Chichewa: galu wafika pasiteji, dalaivala sanamuone, mvula yayamba, galu watsikira pamsika. Anaseka koyamba pa tsamba la mvula, pamene bingu likagunda galu amalowa pansi pa mpando mchira uli panja. Tsiku lina anatambasula dzanja kuti akhudze mchirawo. Ndinati, "Iwe, manja." Anawabweza kumbuyo, ndipo sanayesenso.

Sipanapite nthawi yaitali, ndinayamba kutsitsa mawu a masipika mpaka zii. Ndinkangokhudza muvi, iye n'kumanena tsamba lililonse osaphonya liwu, ndi Chizungu cha m'mphuno chenicheni cha mzimayi uja, chimene ine sindingachithe mpaka kufa. Tsiku loyamba kumva zimenezo misozi inalengeza, ndipo ndinanamizira chimfine. Lamlungu lake ndinawauza amayi ake kuti mwana akuwerenga. Anandigwira manja onse awiri n'kugwada pakati pa anthu. Ndinawauzanso Mayi Hollis.

"Zoona? Msanga chonchi?" anatero. "Ndiye tiitane amayi ake adzaone, inenso ndidzaone. Zikakhala choncho za akatswiri zija tizisiya."

Kodi ndinkadziwa? Funso limeneli ndadzifunsa kambirimbiri. Ndinkaona kuti maso a mwanayo amakhala pa chithunzi, nthawi zina pa nsapato zake. Koma nanenso ndinaphunzira ndikuyang'ana ndodo ya aphunzitsi, ndipo lero ndimawerenga nyuzipepala. Ndinkaganiza kuti ndi mmene zimayambira, kapena ndi mmene zimakhalira. Ine mwiniwake sindingaloze tsiku limene kuloweza kunatha n'kuyamba kuwerenga. Palibe anandiuza kuti ndi zinthu ziwiri.

Tsikulo amayi ake anabwera m'mawa kuchokera ku shifiti, yunifomu ili m'kati mwa jasi, maso ofiira ndi tulo. Anakhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba. Mayi Hollis anakhala pambali pawo. Ine polunzanitsa bolodi ndinathamangira timitanda tija. Ndinazimitsa masipika, n'kumuimika Takondwa pamalo ake.

Tsamba loyamba linayenda bwino. Lachiwiri chimodzimodzi. Amayi ake anayamba kugwedeza mutu, akunong'ona, "Eya. Eya, mwanangu." Ndiye pofuna kutsegula tsamba la mvula ndinakhudza muvi, bolodi silinamve. Ndinakhudzanso. Linamva konse kuwiri. Tsamba la mvula linangothwanima n'kudutsa, ndipo pabolodi panabwera msika: dzuwa likuwala, galu ali pakati pa makabichi.

Takondwa sanaime. Ananena za mvula. Ananena za madontho pa zenera la basi, za galu akunjenjemera pansi pa mpando. Ananena mokoma, mokweza kuposa masiku onse, chifukwa linali tsamba lake lapamtima. Atafika kumapeto anachita phokoso la bingu ndi pakamwa monga limamvekera m'masipika, n'kumaliza ndi mawu amene mzimayi uja amanena tsamba likatha, oti khudzani muvi wobiriwira kuti mupitirire. Mawu amenewo sanalembedwe pena paliponse.

Amayi ake anaomba m'manja. Iwo ankayang'ana mwana wawo, osati bolodi. Mayi Hollis sanaombe. Anandiyang'ana, osati mwaukali, n'kufunsa chapansipansi ngati tsamba limene lili pabolodi ndi limene mwana wawerenga.

Kuomba kuja kunalekeza pakati. Amayi a Takondwa anayang'ana makabichi aja, n'kuyang'ana ine. Analankhula m'Chichewa kuti Mayi Hollis asamve. "Agogo, wawerenga, si choncho? Auzeni kuti wawerenga."

Ndinaima pakati pa azimayi awiriwo ndi cholembera m'manja. Ndikanatha kunena kuti bolodi lalakwitsa, ndipo sikukanakhala kunama. Ndikanatha kunena kuti mwana wachita mantha. Koma m'mutu mwanga munali chisokonezo chenicheni. Mwana wanena Chingelezi cholondola kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nkhani akuidziwa. Akaseka, amaseka pamalo oyenera. Nanga kuwerenga n'chiyani? Ndinayankha m'zinenero zonse ziwiri, mawu amodzimodzi: "Sindikudziwa."

"Simukudziwa?" anatero amayi ake. "Lamlungu lija munkadziwa."

Mayi Hollis ananyamuka n'kundipempha cholembera. Anabweza buku ku tsamba la mvula, anayatsa masipika, n'kugwada pafupi ndi Takondwa kuti alingane naye msinkhu. Anamutambasulira cholemberacho n'kumuuza kuti asonyeze liwu loti galu, alikhudze. Mwana sanasunthe. Manja anali kumbuyo. Anayang'ana ine. Mayi Hollis anabwereza mofatsa. Mwana anayang'ana amayi ake.

"Landira bwino," amayi ake anatero, "koma usamale, ndi za eni zimenezo."

Manja aja anapita kumbuyo kwambiri.

Mayi Hollis anatembenukira kwa ine. Anafunsa ngati mwanayo anayamba waligwirapo bolodilo. Ndinati ayi.

"Ngakhale kamodzi? Nthawi yonseyi?"

"Ndinkamugwirira ine."

Anatseka maso kwa kanthawi. Ndinadikira kukalipiridwa, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma anati, "Nanenso ndalakwa, sindinabwere kudzaona. Bambo Chisale, bukuli analipangira dzanja la mwana. Akapanda kuligwira, ndi wailesi chabe. Muuzeni ndinu, inu akumverani."

Ndinagwada nanenso, mawondo akulira. "Takondwa, landira. Gwira bolodi."

"Munati manja, agogo."

Amenewo anali mawu oyamba ake enieni amene mwanayo analankhula pamaso pa mphunzitsi wake, ndipo anali ondikumbutsa lamulo langa.

"Ndinatero. Ndasintha. Gwira. Likasweka ndaswa ndine."

Analandira cholembera ndi manja awiri. Anayandikira bolodi pang'onopang'ono ngati akuyandikira galu weniweni. Sanapite molunjika pa liwu lija. Anaika cholembera pansi pa liwu loyamba la mzere, osakhudza, n'kuyamba kunong'ona kuchokera pachiyambi, liwu limodzi pakamwa, liwu limodzi pabolodi, ngati munthu wowoloka mtsinje podumpha miyala. Pakamwa patafika pa galu, anakhudza. Liwulo linasanduka lachikasu, ndipo mzimayi uja analitchula. Takondwa analumpha chambuyo n'kuyang'ana cholembera. Kenako anakhudzanso. Kenako, osayang'ana aliyense wa ife, anakhudza mchira uja. Galu anauwa, mwana anaseka n'kudzigwira pakamwa.

Ine ndinaganiza kuti zatheka, wapeza liwu. Koma Mayi Hollis anatulutsa sidi ija n'kuikamo ina, buku limene mwanayo anali asanalimvepo. Pa tsamba loyamba panali liwu lomwe lija loti galu. Anamupempha alisonyeze. Takondwa anayang'ana mizereyo nthawi yaitali. Analibe poyambira. Anatsitsa cholembera n'kuyang'ana nsapato zake.

Mayi Hollis anakhala pansi n'kulankhula ndi amayi ake maso ndi maso. "Kuwerenga sanayambe, ndisakunamizeni. Koma mwana amene wasunga buku lonse m'mutu, m'chinenero chimene wachipeza dzulodzuloli, n'kudzipezera yekha njira yofikira pa liwu, ameneyo sindimuitanira akatswiri. Akufunika kuphunzira mamvekedwe a zilembo. Ayamba Lolemba pamodzi ndi anzake."

Ndikuganiza kuti amayi aja anamva mbali yoyamba kuposa yachiwiri. Anathokoza mwaulemu n'kutuluka. Nditawaperekeza kugeti, ulemu unatha.

"Agogo, munandinamiza. Ndinaimba foni ku Kawale kuwauza kuti mwana akuwerenga Chizungu. Azakhali ake analuluta pafoni. Ndikawauze chiyani tsopano?"

"Sindinafune kunama, mayi."

"Onse amene anandinamizapo sanafune."

Mawu amenewo anagwera pamalo pamene panali kale bala. Basi yawo inali ikubwera. Ndinalimba mtima n'kufunsa za tikiti ija.

"Ndione kaye," anatero. "Mayi uja wanena zoona pamaso panga. Za inu sindikudziwa."

Madzulo ake ndinamuuza Esnati kuti ndisiya ntchito, ndibwerere kukaima m'butchala. Anandiyang'ana akuvula nsapato. "Adadi, mukasiya, mwanayo akafuna kufunsa kanthu afunsa ndani? Makabichi?" Sindinaseke, koma Lolemba ndinapita, ndikuyembekezera kuti andichotsa okha.

Sanandichotse. Mayi Hollis anatenga mpando n'kuuika kumbuyo kwenikweni kwa kachipinda kaja. "Inu muzikhala apa. Muziyatsa, muzilunzanitsa bolodi mosathamanga, kenako cholembera mupereke. Akafunsa tanthauzo, muuzeni m'Chichewa. Akapanda kufunsa, musanene kanthu."

Ndanyamulapo mabelo a fodya, koma ntchito yokhala pa mpando umenewo inali yolemera kuposa. Mwana ankamudula mzimayi uja mawu pakati. Ankabwerera m'mbuyo, ankalumpha masamba, ankakhudza liwu limodzi mobwerezabwereza mpaka mutu kundiwawa. Tsiku lina anathera nthawi yonse pa tsamba limodzi, akuliza hutala wa basi. Ine ndikuona masiku akutha, ndikuona ndege yomubwezera ku Kawale. Ndinkakhalira manja anga kuti asanyamuke okha. M'mawa ndinkamuona ali ndi anzake pamphasa, Mayi Hollis akuwaphunzitsa mamvekedwe a zilembo, osati mayina ake amene ine ndinaloweza, koma timaphokoso tina ta sss ndi mmm timene kwa ine tinkamveka ngati anthu akuitana mphaka. Sindinkamvetsa ngati kumeneku ndiko kuphunzitsa. Sindinkamvetsanso kuti ine ndikulipidwa chifukwa cha chiyani. Ku tchalitchi amayi ake ankandipatsa moni wa patali, wokweza dzanja chabe.

Kutayamba kuzizira kwambiri, tsiku lina Takondwa anasankha yekha buku latsopano, la mtsikana wina amene anataya nsapato m'chipale. Anamvetsera tsamba loyamba, kenako anapita pa laputopu n'kutsitsa yekha mawu a masipika. Pa tsamba lachiwiri anakakamira pa liwu lina lalitali. Anaika cholembera pansi pa chilembo choyamba n'kutulutsa kaphokoso kake, kenako chachiwiri, kenako chachitatu. Analumikiza, n'kutuluka liwu limene kulibe m'Chingelezi. Anayang'ana chithunzi, anakwinya nkhope. "Ayi, si zimenezo," anadziuza yekha m'Chichewa. Anabwerera pachiyambi. Ulendo wachiwiri linatulukanso lokhota. Liwu lenilenilo linali pa lilime langa, ndipo ndinaliluma. Pomaliza anakweza masipika, anakhudza liwulo, analimva. "Ooo," anatero, n'kupitirira ku liwu lotsatira, limene analakwitsanso.

Ndinapita kwa Mayi Hollis ndi nkhope yakugwa. Ndinawauza kuti lero mwana walakwitsa kwambiri, kuposa kale lonse, kuti poyamba paja sankaphonya ngakhale liwu limodzi ndipo tsopano wabwerera m'mbuyo.

Anasiya zimene ankachita. "Walakwitsa? Wayesa yekha n'kulakwitsa?" Anandigwira paphewa. "Ndiye kuti wayamba kuyang'ana."

Ndinayenda ndi mawu amenewo mpaka Lamlungu, ndikuwatembenuza uku ndi uku. Titaweruka ndinawatsatira amayi a Takondwa pamene ankathira tiyi. Ulendo uno ndinasankha kunena chokhacho chimene ndinaona ndi maso.

"Mayi, mwana wayamba kulakwitsa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Agogo, mutu uli bwinobwino?"

"Sindikudziwa, mayi. Koma aphunzitsi akuti ndi nkhani yabwino."

Anapitiriza kuthira tiyi. Kenako anapumira m'mwamba. "Ndaona kunyumba. Akumandiwerengera mapaketi a m'khitchini, zonse zokhotakhota. Dzulo wandisunga pa siteji ya basi, akuti ndidikire amalize chikwangwani. Basi inatisiya." Anandipatsa kapu. "Tikiti sindinagule. Shuga mumathira angati?"

Takondwa anakhala. Ine ndinagwira pa sukulu ija zaka zingapo, mpaka mawondo atakana masitepe. Mabuku olankhula anasintha, masidi anatha, zinayamba kubwera kudzera pa intaneti, ndipo ana ambiri anadutsa m'kachipinda kaja. Sindinganene kuti ndinamvetsa zonse. Mpaka lero ndikafunsidwa kuti mwana amayamba liti kuwerenga, ndimasowa yankho, ndipo sindikhulupirira kuti njira ya aphunzitsi anga a ku Kasungu inali yachabe, popeza ndi imene yandifikitsa polemba izi. Koma chimodzi ndinasunga. Mwana akamayenda ndi buku lolankhula bwinobwino, tsamba ndi tsamba, osapunthwa ngakhale pamodzi, ndinkasiya kusangalala. Ndinkanyamuka pa mpando wanga, n'kupita kukaima pambali pake, kuti ndione kumene maso ake ali.